The Chiwaya War: buku labwino, koma penshoni ya agogo mulibe

Ukatchula mawu akuti chiwaya pa Goliati lero, aliyense aganiza za chipisi ndi kanyenya wapamsika. Zaka zoposa 100 zapitazo mawu omwewa ankatanthauza mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, imene makolo athu anakumana nayo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Apa ndi pamene Melvin E. Page anatenga mutu wa buku lake, The Chiwaya War, lomwe linatuluka koyamba ku America mu 2000 ndipo a Mzuni Press anadzalisindikizanso kuno kwathu mu 2021. M'chaka chomwecho munatulukanso Chiwaya War Voices, mabuku awiri okhala ndi zimene anthu oposa 100 anayankha atafunsidwa za nkhondoyo. Page ankaphunzitsa ku Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo iye ndi ophunzira ake anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zinaiona nkhondoyo ndi maso.

Ine mabukuwa ndawawerenga ngati munthu wosaka dzina, ndipo ndiwaweruza motero. Kwathu kuli nkhani yakuti bambo awo a anganga, amene anabala mayi anga, anapita ku nkhondo ya Jeremani. Zimenezo palibe amatsutsa. Pamene timasiyana ndi pa penshoni. Amalume amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mkuluyo anali msilikali wa King's African Rifles, KAR ija, ndipo kuti kwinakwake ku London kuli fayilo ya dzina lake ndi ndalama zimene zangokhala kudikira adzukulu. Amaiona ngati nkhani ya anthu a TEBA: ndalama zilipo, changosowa ndi pepala. Poti ine ndiye wa foni ndi bandulo m'banjamo, ntchito yosaka pepalalo inagwera ine.

Tiyambe ndi mmene zimakhalira kwa anzathu. Mdzukulu wa msilikali wa ku Britain akafuna agogo ake, ali ndi poyambira. Mafayilo ambiri a asilikali a nkhondo yoyamba anapsa mu 1940 bomba litagwera nyumba yosungiramo ku London, koma mafayilo a penshoni, amene ku National Archives ya ku Kew amawatcha WO 364, anapulumuka. Palinso makadi a penshoni mamiliyoni angapo amene bungwe la Western Front Association linapulumutsa kuti asatayidwe, ndipo lero ali pa intaneti. Munthu amangolemba dzina n'kupeza nambala ya usilikali, keyala ya kunyumba, dzina la mkazi, masiku obadwa a ana, ngakhale matenda amene msilikaliyo anabwera nawo.

N'chifukwa chiyani fayilo ya penshoni imakhala yonona choncho? Chifukwa penshoni imalipidwa mobwerezabwereza. Boma likamakupatsa ndalama mwezi ndi mwezi, liyenera kudziwa kuti uli moyo, ukukhala kuti, ukamwalira atsala ndani. Kalaliki amalemba, chaka chamawa alembanso, mpaka pepala linenepe. Ndalama ya kamodzin'kamodzi imasiya mzere umodzi m'kaundula, basi. Ndipo munthu amene sanapatsidwe kalikonse sasiya ngakhale mzere.

Apa ndi pamene buku la Page linandithandiza kuposa china chilichonse chimene ndinatsegula pa foni, ngakhale kuti si buku lophunzitsa kusaka makolo. Limakuonetsa kuti amuna a Nyasaland anapita ku nkhondoyo m'magulu awiri osiyana kwambiri. Asilikali enieni, onyamula mfuti, anali pafupifupi 19,000. Atengatenga, osenza ufa, mpunga, zipolopolo ndi mahema pamutu, anali pafupifupi 200,000. Taonaninso manambalawo. Pa amuna 11 aliwonse amene mabanja awo amati "anapita kunkhondo", mmodzi yekha ndiye anali ndi mfuti. Msilikali wachikuda wa KAR amene watumikira zaka zambiri ankalandira ndalama ya kamodzi yotsazikira ntchito ndi ufulu wosakhoma msonkho wa nyumba. Penshoni ya mwezi ndi mwezi ngati ya mzungu, ambiri sanaione. Mtengatenga ankalipidwa miyezi imene wasenza, akapulumuka n'kubwerera kwawo wapansi, ndipo ambiri sanalandire ngakhale mendulo. Fayilo imene amalume akufuna ndi mwana wa ndalama, ndipo kwa anthu ambiri akwathu mayi wakeyo sanabadwe n'komwe.

Chimene Page anachita bwino kwambiri ndi kumvetsera dzina limene anthu eni ake anapatsa nkhondoyo. Mu 1978 analemba nkhani mu Journal of African History imene mutu wake unatchula nkhondoyi kuti ya thangata, ndipo ganizo limenelo ndi msana wa buku lonse. Munthu wa ku Thyolo safuna womasulira apa. Thangata tikumudziwa: kukhala pa malo a mzungu n'kumalipira ndi thukuta. Masiku amenewo tiyi anali asanakute mapiri onse ngati lero, m'maesiteti ambiri munali fodya ndi thonje, koma lamulo linali lomwelo. Ndiye nkhondo itabwera, amesinjala a boma akugogoda usiku, mafumu akuuzidwa chiwerengero cha amuna choti apereke, akazi akugwidwa kuti amuna awo atuluke kutchire kumene abisala, anthu sanaone chachilendo. Anangoti thangata wakula, tsopano akukagwirira kutali.

Mabuku a azungu a nkhondo imeneyi amakonda kuyamba ndi sitima: mmene Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu pa 13 August 1914, kenako nkhondo ya pa Karonga pa 9 September, kenako General Northey ndi gulu lake kulowa m'dziko la Ajeremani mu 1916, mpaka von Lettow-Vorbeck kugonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 November 1918. Page zonsezi amazitchula koma sachedwapo. Amachedwa pa njala, pa zilonda za kumapazi, pa kamwazi, pa midzi yotsala ndi akazi ndi ana okha nthawi yolima, pa fuluwenza imene inabwera nkhondo ikutha n'kumaliza ena amene chiwaya chinawaphonya. Amafika mpaka ku magule, mmene kuguba kwa asilikali kunalowera mu beni, mganda ndi malipenga. Masamba amenewa ndinawawerenga kawiri. Munthu amene anavinapo kapena kuonera malipenga sangawaonenso chimodzimodzi.

Ndipo pali Chilembwe. Kusukulu tinaphunzira za 23 January 1915 ndi mutu wa Livingstone wa ku Magomero, koma kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 timangoidumpha. M'kalatamo ankadandaula kuti anthu osauka akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowasamala. Mukaganiza bwino, limenelo ndi funso la penshoni. M'busa wa ku Mbombwe, Chiradzulu pompano, analifunsa nkhondo isanathe ndi miyezi inayi yomwe, ndipo amalume akulifunsabe lero.

Tsopano pamene sindikugwirizana naye. Mfundo yaikulu ya Page ndi yakuti nkhondoyi ndi imene inayamba kupatsa anthu a dziko lino maganizo akuti ndi mtundu umodzi: Myao, Mngoni, Mtonga, Mchewa, onse anavutikira limodzi, ndipo m'kuvutikamo munaphuka Umalawi. Ndi mfundo yokoma, ndipo ikhoza kukhala yoona kwa mphunzitsi wa ku Livingstonia kapena sajeni wa ku Zomba. Koma taiyesani pa munthu wa kwathu. Alomwe ambiri a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anali atangowoloka kumene kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, n'kudzagwera m'manja mwa eni maesiteti. Mu 1918 nkhondo inali itasamukira ku Mozambique komweko. Kunamenyedwa ku Namacurra mu July, ndipo pa 30 ndi 31 August asilikali a KAR anamenyana ndi Ajeremani pa Lioma, kufupi ndi Gurue, pakati penipeni pa dziko la Alomwe. Ndiye taganizani mnyamata amene makolo ake anathawa kumeneko ali wakhanda kumbuyo, lero wasenzetsedwa bokosi la Angerezi kubwerera nalo kumapiri omwewo, kukathamangitsa Mjeremani m'dziko la Mpwitikizi. Ameneyo akabwerako aziti dziko lake ndi liti? Umboni umene Page mwini wake wasonkhanitsa, wa anthu othawira kutchire ndi odumpha malire, kwa ine ukunena za anthu amene anaphunzira kuopa boma lililonse. Umalawi ndikuuona utavekedwa pamwamba pa nkhanizo ndi munthu wolemba dziko litalandira kale ufulu.

Chachiwiri ndi nthawi imene mafunsowo anafunsidwa. Zaka za m'ma 1970 ndi nthawi ya chipani chimodzi. Mnyamata wa ku yunivesite akafika pamudzi ndi kope ndi cholembera, nkhalamba inkadziwa kuti pakamwa m'pofunika kusamala. Kunyoza mzungu kunali kololedwa. Kunena kuti mfumu yakuti ndiyo inatigulitsa, pamene mdzukulu wa mfumuyo ndi wapampando wa nthambi, imeneyo inali nkhani ina. Komanso oyankhawo ndi amene anakhala ndi moyo mpaka zaka 75 kapena 80. Wofera panjira ya ku Songea sanafunsidwe. Wobwera ndi chifuwa n'kumwalira mu 1925 sanafunsidwe. Ili si vuto la Page, palibe akanachitira mwina, koma wowerenga azikumbukira kuti akumva nkhondo kuchokera kwa olimba ndi amwayi okhaokha, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawa kwambiri monga munthu wokonda zolemba: chilankhulo. Chiwaya War Voices ndi chuma, zoona. Umatsegula n'kupeza munthu ndi dzina lake, kwawo, ndi zimene ananena, popanda katswiri kumulankhulira. Koma mawuwo ali m'Chingerezi. Nkhalamba zimenezi sizinayankhe m'Chingerezi. Zinalankhula zilankhulo zathu, ndi miyambi yake, ndi kuzungulira kwake, ndi kaseko kaja kamene munthu wamkulu amaseka akafika pa chinthu chowawa. Zonsezo zinadutsa m'manja mwa womasulira n'kutuluka zitachapidwa ndi kusitidwa. Ukamawerenga umachita kumva kuti pansi pa chiganizo ichi panali mwambi, koma suuona. Zili ngati kumva fungo la ndiwo za kwa aneba. Buku lotchedwa mawu a Amalawi, loti mdzukulu wa ku Goliati amene analekeza Sitandade 8 sangaliwerenge, latsala ndi ulendo wina woti liyende. A Mzuni Press anachita bwino kubweretsa The Chiwaya War kumudzi, koma ine ndikanakonda nditaona ngakhale kabuku ka masamba 80 m'Chichewa, ka mtengo wa bandulo ya mwezi.

Nanga dzina lija? M'mabuku a Voices sindinalipeze, ndipo sizodabwitsa: anthu ofunsidwa ndi dontho chabe pa 200,000, komanso mkulu wathuyo anamwalira Page asanabwere. Koma kusakako kunandiphunzitsa zinthu zimene ndikufuna ndikugawireni, inu amene mwatumidwanso ndi amalume anu.

Dzina limene mumamudziwa nalo kwanu mwina si limene linalembedwa. Mwamuna wa nthawi imeneyo ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la kuesiteti limene kapitawo anamupatsa, ndi la ubatizo ngati anadzalowa mpingo pambuyo pake. Polembetsa usilikali ena ankatchula dzina lachilendo dala. Kalaliki naye ankalemba mmene khutu lake lamvera. Pa mapepala a atsamunda Thyolo ndi Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Mangochi ndi Fort Johnston. Pa mtundu simupeza mawu akuti Lomwe, mupeza Anguru, dzina lonyoza lija limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo mpaka boma linalisiya m'zaka za m'ma 1940. Makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba ali pa intaneti kudzera ku Kew, ndipo a asilikali achikuda a KAR alimo, koma ambiri ali ndi dzina limodzi lokha ndi nambala. Mukalemba dzina lofala mupeza anthu ambirimbiri, ndipo popanda nambala simungadziwe wanu. Nambala ndiye kiyi. Ngati m'sutikesi ya agogo muli mendulo, yang'anani m'mphepete mwake, chifukwa mamendulo a nkhondo yoyamba ankadindidwa nambala ndi dzina. Chinanso chofunika ndi dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo, poti boma la atsamunda linkadziwa munthu kudzera mwa mfumu yake ndi msonkho wake. Zolemba zakale za maboma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo kumeneko dzina la mudzi limatsegula zitseko zambiri kuposa dzina la munthu.

Ku Zomba komweko kuli chipilala cha KAR chokhala ndi mayina a asilikali amene anafa. Atengatenga anaiwalika pafupifupi paliponse. Izi si zonena ine ndekha. Mu April 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a kuno ku Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, pamene mzungu aliyense anapatsidwa mwala wake kapena mzere wake pakhoma. Nduna ya zachitetezo ya Britain ya nthawi imeneyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako kunali kwa manda ndi mayina. Za ndalama sizinatchulidwe.

Nkhani imene inakoleza moto mwa amalume ndi ya 2019, pamene mtolankhani Jack Losh anaulula pepala losonyeza kuti pa kutha kwa nkhondo yachiwiri msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wachikuda ankalandira masheleni 3 ndi theka. Nkhaniyo inazungulira pa WhatsApp itavala zovala zina, mpaka kufika kwathu ikuti Angerezi ayamba kubweza. Koma onani bwino: imeneyo ndi nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ya ku Abyssinia ndi Burma, osati ya mkulu wathu. Ndipo ngakhale pamenepo, ikukamba za ndalama ya kamodzi yotsazikira, osati penshoni. Thandizo limene limabwera kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League ndi la asilikali akale amene ali moyo ndi akazi awo amasiye, si cholowa cha zidzukulutudzi. Wina akabwera pamudzi ndi fomu n'kumati perekani kangachepe tikulembetseni mayina a makolo a kunkhondo, gwirani thumba.

Nditamaliza mabukuwa ndinapita kwa anganga ndi mafunso ena, osiyana ndi amene ndinkafunsa kale. Kale ndinkangoti, "Anganga, bambo anu anali msilikali eti?" iwo n'kuti eya, nkhani n'kuthera pomwepo. Ulendo uno ndinafunsa tinthu ting'onoting'ono timene Page anandiphunzitsa kuona. Ankatchulapo nambala? Ayi. Anali ndi mendulo, chipewa, lamba, kalikonse? Ayi, anabwera ndi bulangete lokha, ndipo linatha iwo asanabadwe, amangolimva. Msonkho ankakhoma? Ankakhoma mpaka tsitsi kuyera, ndi thangata yemwe. Nanga akaledzera ankakamba zotani? Apa anganga anaseka, n'kusintha kuyamba kulankhula Chilomwe, chimene sachita kawirikawiri ndi ife ana a masiku ano. Akuti ankakamba za mpunga. Kuti anasenza mpunga miyezi yambiri osaloledwa kutapako, iwo akugonera phala lamadzimadzi, ndipo mpaka kumwalira kwawo mpunga sankaudya, ngakhale pa Khirisimasi. Pakati pamutu panali podazi pouma gwa, pamene ana ankakonda kugogoda.

Chilichonse mwa zimenezi pachokha sichigamula mlandu. Msilikali wa zaka ziwiri zokha naye ankadzakhomanso msonkho, ndipo mendulo imatha kugulitsidwa chaka cha njala. Koma mukaziphatikiza, n'kuikapo 11 uja kwa mmodzi, sikelo ikupendekera mbali imodzi. Mkulu wathuyo anali mtengatenga. Mawu a anganga ndinawajambula pa foni mmene anawalankhulira, Chichewa ndi Chilomwe chosakaniza, ndipo ndawasunga malo atatu osawamasulira.

Page analembanso Distinguished Conduct, nthano yaitali yotsata moyo wa msilikali wa KAR, imene inatuluka mu 2019. Ndikumvetsa chifukwa chake katswiri wa mbiri anafika potembenukira ku nthano: pamene mapepala athera, munthu umatsala ndi kulingalira. Koma taonani amene anasankhidwa kukhala mwini nkhani. Ndi wa yunifomu, wa nambala, wa mendulo. Ngakhale kwa wolemba amene anachita zambiri kuposa wina aliyense kukweza atengatenga, nthano inapita kwa mmodzi uja, osati kwa khumi aja. Sindikumuimba mlandu kwambiri, poti ngakhale kwathu zili chimodzimodzi. Nditawafotokozera amalume zonsezi, ndi manambala omwe, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, mabuku akowo analemba ndi mzungu. Agogo anga sanali wonyamula katundu." Anganga anali pomwepo akusankha nyemba, ndipo sanayankhe. Amalume akuti mwezi wamawa, tomato akagulidwa, andipatsa thiransipoti ndipite ku Zomba ndikawerenge mayina a pachipilala limodzi ndi limodzi, ngakhale tonse tikudziwa kuti pamenepo analembapo amene anafera kunkhondo, ndipo mkulu wathuyo anabwerako.